Za Mabowo a pa Benchi la Mmisiri

Ife amene tipala matabwa m'midzi tiri ndi manja awiri okha monga anthu onse, koma nchito yathu ifuna atatu. Puleni itenga manja onse awiri. Posema, dzanja limodzi ligwira chizulo, linzace nyundo. Nanga thabwalo aligwira ndani? Ena aitana mwana kuti akhalepo, ena alitsendereza ndi bondo, ena akhoma msomali m'benchi kuti uliimitse. Komatu mwanayo acedwa ku sukulu, msomali ubunthitsa puleni, ndipo thabwa likaterereka chizulo ilowa m'cikhatho ca mwini wace. Mmisiri wobvulala dzanja akhala masabata osagwira nchito, ndi banja lace ligona ndi njala.

Cifukwa cace ife tinena kuti benchi lopanda mabowo liri gome cabe. Vaisi ya ku sitolo iri ya mtengo wapatali, koma bowo ligulidwa ndi thukuta lokha. Tikaboola mabowo m'mizere yopingasana, tisema zikhomo za mtengo wolimba zolowa bwino m'menemo. Thabwa litsamira zikhomo ziwiri. Mbali yinayo tiika cikhomo cacitatu, ndipo pakati pa ico ndi thabwa tikhomera kamtengo kosongoka ngati nkhwangwa. Pamenepo thabwa silisunthanso, ndi manja athu onse awiri ali pa nchito.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'mudzi wa Herculaneum ku Italy, umene phiri la Vesuvius linaukwirira m'caka ca 79, anapezamo cithunzi ca pakhoma coonetsa benchi, ndi citsulo cogwira thabwa pamwamba pace. André-Jacob Roubo, mmisiri wa ku Paris, amene anayamba kusindikiza buku lace la umisiri m'caka ca 1769, anajambulamo benchi locindikira la mabowo, ndi citsulo comweco. Maonekedwe ace ciri ngati nambala 7. Mwendo wace ulowa m'bowo, mutu wace utsikira pa thabwa. Ukacimenya pamwamba ndi nyundo cipendekeka m'bowomo nicikanirira, ukacimenya kumbuyo cimasuka. Wosula wa kumudzi akhoza kucisula, koma cigwira bwino pokhapo benchi liri locindikira mainchi 2 kapena kuposapo.

Masiku ano kampani ya Festool ya ku Germany igulitsa mabenchi a mabowo a mamilimita 20, otalikirana mamilimita 96, oboola ndi makina. Ife tiri ndi buresi ndi biti ya 3/4 inchi, ndiyo mamilimita 19, ndipo izi zitikwanira. Cimene makina atiposa naco ndi kulunjika kwa muyeso, ndipo apa mpamene tiyenera kudekha.

Lamulo lalikuru ndi ili: bowo lisayesedwe kucokera pa bowo linzace. Pakuti ukalakwa milimita 1 pa bowo liri lonse, pofika bowo la 10 wasokera mamilimita 10, ndipo citseko cimene udzacipanira pa zikhomo zotere cidzaturuka cokhota. Tiyamba taongola m'mphepete mwa benchi mbali imodzi, ndipo miyeso yonse icokera pamenepo. Tilemba zizindikiro pa kandodo kamodzi koongoka, ndi kusamutsira zomwezo pa mzere uli wonse. Pofuna kudziwa ngati mizere yapingasana bwino, tiyesa masentimita 30 pa mzere wina kucokera pa mphambano, ndi 40 pa unzace. Pakati pa nsonga ziwirizo payenera kukhala 50. Pakapanda kutero, ngondyayo yanama.

Tisanaboole tisuzumira pansi, kuti bowo lingagwere pa mwendo kapena pa mtanda wa benchi. Ndipo popeza diso linyenga, tiyamba taboola bowo loongoka m'kacipika, ndi kupititsa biti m'menemo pa bowo liri lonse kuti isapendekeke. Nsonga ya biti ikangoonekera pansi tileka, ndi kutsirizira ku mbali ya pansiyo, kuti thabwa lisanyotsoke. Potsiriza tipala pang'ono milomo ya mabowo. Zonsezi zicitike pa mtengo wouma. Pakuti mtengo pouma ufota m'kupingasa kwace koposa m'litali mwace, ndipo bulugamu wauwisi woboola m'dzinja udzakhala ndi mabowo ophwanyika pofika Okotobala.

Pali yeso lina limene ligwera munthu akaona kuti biti ilowa bwino: afuna kudzaza benchi lonse ndi mabowo tsiku limodzi. Koma bowo uliboola kamodzi, sulifafaniza. Mabowo ocuruka ameza misomali ndi zomangira, ndipo mwendo wa mpando umene uukonza ugweramo. Ife tiyamba ndi mizere iwiri, woyamba mainchi 2 kapena 3 kucokera m'mphepete, mabowo otalikirana mainchi 4. Wacitatu tiuboola tsiku limene nchito yeniyeni yaufuna. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono inu anyamata amene muphunzira umisiri, kandodo ka miyeso kaja musakataye pa moto. Kapacikeni pa khoma pamodzi ndi sikweya, pakuti tsiku loonjeza mzere mudzakafuna, kuti mabowo atsopano alingane ndi akale.