Walira Mvula Walira Matope: Za Galimoto Yakale Pakhomo pa Mlimi

Akuluakulu akale adati walira mvula walira matope. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chabwino chimadza ndi katundu wake, ndipo amene wachifuna ayenera kulandira zonse ziwiri mosanyinyirika. Mwambiwu udabadwira kumunda, koma kwa Njombwa m'boma la Kasungu umapherezera kwambiri pa galimoto zakale zimene alimi a fodya amagula akachita mphumi ku okushoni.

Kale galimoto m'dera limeneli idali ya eni maesiteti, ansembe ndi akuluakulu a boma. Mlimi wamba ankanyadira njinga, ndipo akalemera ankagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Zinthu zidasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pamene boma lidalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale, yemwe kale adali wa maesiteti okha. Ndalama zitayamba kulowa m'midzi, nazonso galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan zidayamba kuchuluka m'dziko muno. Ku Japan lamulo limafuna kuti galimoto ipimidwe ikakwana zaka zitatu, kenaka pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo popeza kupimitsako n'kodula, ambiri amangoigulitsa. Zambiri zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe. Koma yofika m'manja mwa mlimi wa kwa Njombwa kawirikawiri imakhala itadutsa kale mwa anthu awiri kapena atatu ku Lilongwe kapena pa boma pa Kasungu, ndipo aliyense wa iwo adaisiya pa chifukwa chimene sadachinene. Utoto umang'anima ndithu, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Matope a mwambi uja amayamba galimoto ikangosiya phula la msewu wa M1. M'chilimwe fumbi limatseka sefa ya mpweya, ndipo likalowa mu injini limadya zitsulo pang'onopang'ono. M'dzinja mawilo amatitimira, woyendetsa n'kumakakamiza mpaka kilachi kupsa. Galimoto yopangidwira anthu asanu imasenzetsedwa matumba a feteleza, mabelo a fodya ndi achibale pamwamba pake. Masipuling'i amathyoka ndipo matayala amatha msanga. Kuonjezera apo pali inshuwalansi ndi chiphaso cha COF, zomwe lamulo limafuna ngakhale galimotoyo iziyenda kamodzi pamwezi.

Vuto lenileni komabe lili pa kalendala. Mlimi wa fodya amaona ndalama nyengo imodzi pachaka, msika ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo cha m'mwezi wa April, ndipo pofika September thumba limakhala litayamba kupepuka. Galimoto yakale siyang'ana zimenezo. Imafa mu January kapena February, pamene pakhomo pakufunika chimanga cha matenanti, fizi ya ana ndi mitengo ya chigafa. Apa mwini wake amaiimika pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, nati idikire msika. Podzafika msikawo batire yafa, makoswe adya mawaya, nkhuku zaikira mazira pampando, ndipo chimene chikadakonzedwa ndi ndalama zochepa chasanduka ntchito ya mabelo angapo.

Pamwamba pa izi, zipangizo zambiri za galimoto zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu mu May 2012, mu May 2022 ndi 25 peresenti, ndiponso mu November 2023 ndi 44 peresenti. Kutsika kwa mu 2023 kudapeza msika wa fodya utatsekedwa kale, madola a mlimi atasanduka makwacha, kotero kuti amene adasunga ndalama ya matayala anayi adapeza kuti siikukwananso.

Palinso mbali ya mwambo imene wogula saiwerengera. M'mudzi galimoto siikhala ya munthu mmodzi. Mayi woyembekezera akadwala usiku, anthu amagogoda pakhomo pa mwini galimoto. Maliro akachitikira kuchipatala pa boma, iye ndiye amakatenga thupi, ndipo pa zovuta palibe amene angatchule za petulo popanda kuoneka wouma mtima. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Chifundo chotere n'chabwino ndipo chapulumutsa miyoyo, koma makolo adali ndi dongosolo lake. Wobwereka khasu ankalibweza lili ndi mpini wake, ndipo wobwereka ngolo ankathokoza ndi kangachepe, kaya nkhuku kaya lichero la mtedza. Mudzi umene ukufuna kuti galimoto ipezeke pa tsiku la tsoka uyenera kusonkherana mafuta, osasiyira munthu mmodzi kulira matope a anthu onse.

Izi sizikutanthauza kuti galimoto yakale ndi temberero. Kuli ma Toyota Hilux ndi ma Corolla okalamba amene atumikira mabanja zaka zambiri, chifukwa injini zake n'zosavuta, amakaniko a m'misika yaing'ono amazidziwa, ndipo zipangizo zake sizisowa. Nthawi zina yooneka yatsopano ndiyo imasautsa, chifukwa ikadwala imafuna kompyuta ya kutauni kuti matenda ake adziwike. Kukhulupirika kwa galimoto kumachokera kwambiri kwa mwini wake. Safunsa adadya phula: wanzeru amapita ndi makaniko womudalira, amayang'ana kunsi ngati kukudontha oyilo, amailiza injini ikadali yozizira kuti aone utsi, ndipo amaonetsetsa kuti dzina la m'mapepala ndi la wogulitsayo. Akaigula amasintha oyilo pa nthawi yake, amamvetsera kaphokoso kachilendo kasadakule, ndipo sapereka makiyi kwa mphwake aliyense wofuna kuphunzirira.

Chachikulu koposa, amaimangira nkhokwe yake. Monga mmene mayi wanzeru amapatulira chimanga cha m'miyezi ya njala, mlimi ayenera kupatula mabelo a galimoto tsiku lomwelo la msika, ndalama zisadalowe kwina. Amene ndalama zake zangokwanira mtengo wogulira wokha ndiye kuti sadakwanitse galimotoyo, ndipo palibe manyazi kuchita hayala lole kawiri kapena katatu pachaka, zotsalazo n'kugula ng'ombe yomwe imaswana.

Mvula ndi dalitso ndipo palibe mlimi amene angaikane. Koma asadaipemphe amayamba wafolera denga, nakonza ngalande kuseri kwa nyumba.