Ku Berea, Kumene Wosunga Mabuku Ali Kapitao

Munthu wochoka ku mzinda wa Lexington, m'chigawo cha Kentucky ku Amereka, akalunjika kumwera ayenda mailosi ngati 40 pakati pa madambo a msipu odyetsamo akavalo; ndipo pamene dziko liyamba kutukumuka ndi kuonetsa mapiri a Appalachia, pomwepo apeza mudzi wa Berea ndi sukulu yake yaikulu. Ndiko ndinapita ine.

Sukuluyi anaiyamba ndi mbusa John G. Fee m'chaka cha 1855. Atate ake anali ndi akapolo, koma iye anadana nawo ukapolo, nafuna kuti akuda ndi oyera, amuna ndi akazi, aphunzire m'chipinda chimodzi. Chifukwa cha ichi anampirikitsa mu 1859, koma anabweranso. Mu 1904 boma la Kentucky linaika lamulo loletsa kuphunzira pamodzi kotere, ndipo akuda sanaloledwenso kufikira 1950. Chiyambire 1892 palibe wophunzira alipira ndalama ya maphunziro, ndipo sukulu isankha ana a mabanja osauka. Koma yense agwira ntchito maola osachepera 10 pa mlungu: wina kumunda, wina kowomba nsalu, wina kopala matabwa, wina komanga matsache, wina ku nyumba ya alendo ya Boone Tavern.

Ine mtima wanga unatsalira m'nyumba ya mabuku, dzina lake Hutchins Library. Ndinkayesa kuti wosunga mabuku ndi munthu wokhala chete pampando, woletsa phokoso basi. Kuno ayi. Pakuti ophunzira ena ntchito yawo ili m'nyumba yomweyi, wosunga mabuku asanduka kapitao wawo, ndipo zimene awaphunzitsa sizili m'mabuku a mayeso. Mnyamata wochokera kuphiri aphunzira kufika pa nthawi yake, ndi kutumiza mawu msanga ngati wadwala, kuti mnzake asadikire pachabe. Msungwana wamanyazi, amene kwawo sanayankhulepo ndi mlendo, amuika patebulo la pakhomo, kuti alonjere aliyense, amve funso lake mpaka kumapeto, ndi kuvomera poyera pamene sadziwa yankho, m'malo monamiza munthu. Aphunziranso kubwezera buku pamalo pake penipeni. Pakuti buku loikidwa pa thandala lolakwika latayika ndithu, ngakhale lili m'nyumba momwemo.

Chinthu china chimene osunga mabuku alimbikira masiku ano ndicho kusiyanitsa nkhani yoona ndi yabodza. Pa intaneti mawu achuluka ngati mchenga, ndipo wophunzira azolowera kufunsa kuti, analemba ndani, analemba liti, ndipo apindulanji ine ndikakhulupirira? Ndinaganiza mumtima kuti mafunso atatu amenewa akanapulumutsa ambiri a ife kwa ogulitsa mankhwala onyenga ndi okongoza ndalama za katapila.

Wina adzati, kodi kholo litumiza mwana ku sukulu yaikulu kuti akaphunzire kupereka moni? Funsoli nlosapepuka, pakuti maola 10 amenewo achotsedwa pa nthawi yowerenga, ndipo wophunzira wofooka atopa nawo. Koma a ku Berea saiyesa ntchitoyi chinthu chapambali. Kapitao alemba za kagwiridwe ka wophunzira aliyense, ndipo pomaliza sukulu mwana atuluka ndi makalata awiri, ina ya maphunziro, ina ya ntchito, yoti akaonetse kwa womulemba ntchito.

Mwambo wa osunga mabuku otere ngwakale m'mapiri amenewa. Sukulu yomweyi inkatumiza ngolo ya mabuku m'midzi yozungulira. Ndipo kuyambira 1935 kufikira 1943 boma linalemba anthu, ambiri a iwo akazi, kuti anyamule mabuku pa akavalo ndi nyulu kumka nawo ku nyumba zakutali, kumene galimoto silikanafika. Malipiro awo anali madola 28 pa mwezi. Mabuku ndi magazini akang'ambika sanawataye. Ankadula masamba otsala abwino, nawamata m'buku latsopano pamodzi ndi malangizo a kaphikidwe ndi zitsanzo za kasokedwe ka zofunda, zimene amayi a m'midzimo anawapatsa; ndipo buku lotero linkakweranso kavalo kumka kutsidya la phiri, kwa mayi wina amene sanaonanepo ndi mwini malangizowo.