Makina Onolera a kwa Dzoole

M'mwezi wa Okutobala, dzuŵa likuswa mtengo ndipo mvula ili pafupi, tidapita kwa Dzoole m'boma la Dowa kukayendera ophunzira athu aŵiri amene ankayesera ntchito ya uphunzitsi pasukulu ina ya pulaimale. Tidatsikira pa Mponela, ndi kuloŵa msewu wafumbi, mapiri a Ntchisi akuoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa moto wa m'tchire. Cholinga chathu chidali kukhala kumbuyo kwa kalasi ndi kulemba zimene tione. Koma phunziro limene tidabwera nalo kuno ku koleji tidalipeza m'kanyumba kosungiramo makasu.

Tsiku limenelo ana a Sitandade 7 ankapanga mizere m'munda wa sukulu. Nthaka ikauma imalimba ngati njerwa, ndipo makasu awo adali obuntha. Khasu linkangodumpha, mwana n'kumakhetsa thukuta pachabe. Mmodzi mwa ophunzira athu, mtsikana wakhama ndithu, adayamba kukalipira anawo kuti ndi aulesi. Ife tidabwereka khasu limodzi ndi kuyesa tokha, ndipo tidaona kuti mlandu sudali wa ana. Titafunsa ngati pasukulupo pali tupa, aphunzitsi aakulu adapukusa mutu, nati, "Kuli makina onolera m'kanyumbamo, koma adafa ife tisanabwere pano."

Tidawapeza pakona, atakwiririka ndi dothi la chiswe. Adali makina opukusa ndi dzanja, olemera ngati njerwa ziŵiri. Adali ndi chogwirira, kabokosi ka magiya, chomangira patebulo, ndi shafuti, ndiko kuti kachitsulo kozungulira kamene pamakhala mwala wonolera. Pambali padali zilembo zosonyeza kuti adapangidwa ku England. Mwala wake udasweka kalekale, nati yomangira mwalawo idasoŵa, ndipo chogwirira chidauma gwa ndi dzimbiri.

Sizodabwitsa kupeza chida chotere pasukulu ya m'boma lino. Amishoni a Dutch Reformed adakhazikitsa Mvera m'chaka cha 1889 ndi Kongwe m'chaka cha 1894, ndipo adatchuka ndi kuphunzitsa ulimi ndi ntchito zamanja pamodzi ndi kuŵerenga. M'chaka cha 1929 boma lidatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi ankaphunzira kutukula midzi ndi manja awo. Ndiponso kusula kudayamba kale Azungu asanafike: ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Masiku ano ku koleji timakamba za TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi, koma kaŵirikaŵiri timangoganiza za zitsekerero za mabotolo ndi makatoni. Makina akufa nawonso ndi chinthu chopezeka pafupi.

Tidagwirizana ndi aphunzitsi aakulu kuti makinawo akonzedwe ana akuona ndi kuthandiza, ndi kuti ife tizibwera Lachisanu lililonse mpaka ntchito ithe. Sabata yoyamba ana adachotsa dothi, nadontheza palafini m'malo onse olumikizana m'maŵa uliwonse. Mnyamata wina adafuna kumenya chogwirira ndi nyundo, koma tidamletsa, pakuti chitsulo cha kabokosi kotere chimachita kuthiridwa m'chikombole chili chamadzi, ndipo chikamenyedwa sichipindika, chimangosweka ngati mbale yadothi. Tsiku lachisanu chogwirira chidasuntha pang'ono, ndipo ana adakuwa ngati achinya chigoli.

Titatsegula kabokosi, masamu adabwera okha. Ana adaŵerenga mano a magiya, akuika chizindikiro cha choko pa dzino loyambira. Giya yaikulu idali ndi mano 80, yaing'ono 10. Wophunzira wathu adafunsa kuti, "Chogwirira chikazungulira kamodzi, shafuti izungulira kangati?" Ena adati kakhumi, ena kasanu. Adapukusa pang'onopang'ono akuŵerenga, napeza kasanu ndi katatu. Mtsikana wina wakumbuyo, amene sankayankhula m'kalasi, ndiye adati, "Aphunzitsi, ndiye kuti tingogaŵa 80 ndi 10." Adapitiriza yekha kuti munthu akapukusa kamodzi pa sekondi, mwala uzungulira ka 480 pa mphindi. Phunziro limene lidakanika pa bolodi kwa masabata aŵiri lidamveka m'maŵa umodzi, manja ali bii ndi girizi.

Tsono tifotokoze pamene tidalakwa, pakuti ndipo pagona nkhani yathu. Tidayesa shafuti ndi rula ya m'kalasi, tidaona ngati ndi mamilimita 10, ndipo tidagula nati ya muyeso umenewo. Lachisanu lotsatira tidaiveka ana onse ali chete. Idaloŵa bwino kaŵiri, katatu, kenaka idayamba kulimba. Munthu wanzeru akadaima pomwepo. Ife, poopa manyazi pamaso pa ana ndi ophunzira athu, tidatenga sipanala ndi kukakamiza. Nati idakanirira, ndipo titaichotsa movutikira tidapeza kuti taphwanya mazinga atatu a kumapeto kwa shafuti, mizere ija yozungulira imene nati imayendamo. Makina amene dzimbiri lidalephera kuwapha kwa zaka zambiri, mphunzitsi wa ku koleji adatsala pang'ono kuwapha pa mphindi imodzi. Safunsa adadya phula.

Aphunzitsi aakulu adatilondolera kwa gogo wina wosula makasu ndi nkhwangwa, amene pa unyamata wake adagwirapo ntchito pa chigayo. Tidampeza pachipala, mdzukulu akupopa mvukuto. Adapapasa shafuti ndi chala, natifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mudaŵerenga mazingaŵa musanagule nati?"

Tidayankha kuti, "Iyayi agogo, tidangoyesa kunenepa kwake."

"Chitsulo ichi ndi cha mainchi, nati yanuyi ndi ya mamilimita. Zifanana nkhope, koma si za mtundu umodzi."

Titabwerera ku koleji tidafufuza m'mabuku, ndipo tidapeza kuti gogoyo adanena zoona. M'chaka cha 1841 mmisiri wa ku England, Joseph Whitworth, adakonza muyeso umodzi wa mazinga, ndipo makina ambiri akale ochokera kumeneko amatsata muyeso wake. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Shafuti yathu idali 3/8 ya inchi, ndiko kuti pafupifupi mamilimita 9.5, ndipo idali ndi mazinga 16 pa inchi. Nati ya mamilimita 10 ili ndi mazinga otalikirana mamilimita 1.5, ndiye kuti pafupifupi 17 pa inchi. Kusiyanaku n'kochepa kotero kuti nati imayamba kuloŵa, koma ikamazungulira kusiyanako kumaonjezekera mpaka mazinga ayamba kudyana. Ngakhale kapendekedwe ka mazingawo n'kosiyana: a Whitworth ali ndi ngodya ya madigiri 55, a mamilimita 60.

Gogoyo adawongola mazinga ophwanyika ndi katupa kakang'ono ka ngodya zitatu, osafulumira, pafupifupi ola lathunthu. Nati yoyenera sitidaipeze m'sitolo. Adatiuza kuti zida za makina akale zimapezeka pa makina akale anzake, natitumiza kwa mwini chigayo wina amene adali ndi injini yakufa ya Lister, yopangidwa ku Dursley ku England. Tidapita ndi shafuti m'thumba, ndipo tidayesa nati iliyonse ndi zala zokha, popanda sipanala. Yachinayi idaloŵa mpaka kumapeto mofeŵa. Kuyambira pamenepo lamulo lathu ndi ili: popita kukafuna chida, nyamulani chinzake chimene chikalumikizane nacho.

Udatsala mwala. Tidaupeza pamsika wa zitsulo zakale ku Lilongwe, wa mainchi 6, wooneka wosalala ndi wotsika mtengo. Ulendo uno tidayamba tapita nawo kwa gogo uja. Iye adaukoloŵeka pa chala, naugogoda pang'ono ndi mpini wa mpeni. Udalira mogontha, kuti phu.

"Aphunzitsi, amayi anu akamagula mbiya amatani?"

"Amaigogoda, agogo."

"Nanga inu mwalawu simudaugogode bwanji?"

Mwala wonolera wa pamakina suchita kukumbidwa m'phiri. Amaupanga ndi timchenga tolimba kwambiri, monga tija adatulukira Edward Acheson ku America m'chaka cha 1891, tosakaniza ndi dothi lomatira, n'kuuotcha m'ng'anjo ngati mbiya. Wabwino umalira kuti ngwee. Wokhala ndi mng'alu wobisika umagontha. Mwala wang'alu ukazungulira mwa liŵiro ukhoza kuphulika, ndipo zidutswa zake zimalunjika kumaso kwa amene waŵerama pafupi. Tidakumbukira mmene ana amaunjikirana kuti aone bwino, ndipo thupi lidachita tsembwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwalawo tidauswa ndi kuutaya m'dzenje kuti wina asadzautole. Tidagula watsopano ndi ndalama za m'thumba mwathu, titaugogoda m'sitolo momwemo. Boo lake lidali lalikulu, ndipo tidaikamo kamphete kochepetsera kamene kadabwera nawo. Mbali zonse ziŵiri za mwala tidaika timapepala tolimba, kuti chitsulo chisaulume, ndipo nati tidaimanga mosapitiriza.

Tsiku lonola tidaitana gogoyo kusukulu, ndipo adaphunzitsa ndiye, ife titakhala pansi pamodzi ndi ana. Poyamba makina adapukusidwa opanda kanthu kwa mphindi yathunthu, aliyense ataima chammbali. Wonola adali wamkulu yekha, atavala magalasi otchinjiriza maso, ana akusinthana kupukusa. Gogoyo ankaviika khasu m'madzi pafupipafupi, nafotokoza kuti chitsulo chikatentha mpaka kusanduka chobiriŵira kunsonga, chafeŵa, ndipo sichichedwa kubunthanso. Pofika masana makasu 14 adali akuthwa. Mvula yoyamba idapeza mizere itatha.

Inu aphunzitsi a maŵa, kusukulu kumene mukatumizidwe mukapeza kanyumba kotere. Mukapeza sikelo yakufa, makina osokera, mwina pampu. Musakazitaye, ndiponso musakazikonze nokha mobisa kuti mudzaonetse ana zitatha, pakuti phunziro lili m'kukonzako. Kafunseni amisiri a m'mudzi, ndipo kawapatseni mpando ndi ulemu pamaso pa ana. Mukalakwa, kavomereni poyera. Ife tidaonetsa ana nati ija ndi mazinga ophwanyika, ndipo sadatinyoze. Adapikisana kuŵerenga mazinga pa mabawuti a madesiki awo. Koposa zonse, kakumbukireni kuti chinthu chikalimba pamene chiyenera kuyenda mofeŵa, chikukuuzani kanthu. Imani, yesani, funsani.

Pa ulendo wathu wotsiriza tidakhalanso kumbuyo kwa kalasi la wophunzira wathu uja. Mnyamata wina adalephera samu yomweyo katatu. Tidaona mphunzitsiyo akukoka mpweya ngati afuna kukalipa, koma adadziletsa. Adapita pa desiki la mwanayo, naŵerama, nati, "Tandionetsa pamene wayambira."