Dzina la "Bantu": Litayidwe Kapena Liwomboledwe?

Connemara, pakati pa Gweru ndi Kwekwe m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, poyamba ankadziwika ndi mgodi wa golide, koma lero amadziwika ndi ndende. M'migodi ya chigawo chimenechi munathera mphamvu za machona ambiri ochokera ku Nyasaland, amene ankalamulidwa m'Chilapalapa ndi kunyozedwa kuti "mabhurandaya", kutanthauza a ku Blantyre. Mabanja awo amadziwa bwino kuti dzina limaluma.

N'chifukwa chake mdzukulu wa mchona, akayamba maphunziro a zinenero payunivesite, amadzidzimuka kupeza Chichewa cha agogo ake chili m'gulu lotchedwa "Bantu". Dzinali linafala ndi buku la 1862 la Wilhelm Bleek, katswiri wa ku Germany. Mzulu amati "abantu", Mshona "vanhu", Mchewa "anthu", ndipo Bleek anazindikira kuti zinenero zotere n'zapachibale.

Mawu abwinowa anadetsedwa ku South Africa. Boma la tsankho linawasandutsa chidindo cha munthu wakuda, ndipo lamulo la Bantu Education la 1953 linakonzera ana achikuda maphunziro operewera dala. Ngakhale izi zisanachitike, magazini ya akatswiri ya Bantu Studies, imene inayamba mu 1921 ku Johannesburg, inali itasintha kale dzina mu 1942 n'kukhala African Studies.

Ofuna kuti dzinali lichoke m'maphunziro amati wophunzira sayenera kutchula tsiku ndi tsiku mawu amene ananyozetsa makolo ake. M'zaka za m'ma 1980 ena anayesa "Kintu", koma zinakanika, pakuti m'zinenero zina mawuwa amatanthauza chinthu. Anthu akanasanduka zinthu! Otsutsa kusinthaku amati atsamunda sanabwere ndi mawuwa pasitima. Anawapeza pakamwa pa eni ake, ndipo kuwataya n'kusiyira wakuba katundu amene anaba.

Mbali yachiwiriyi ili ndi mfundo yolemera. "Mabhurandaya" ndi dzina lachipongwe lochokera kwa ena, ndipo kutha kwake palibe angakulire. Koma "anthu" ndi muzu wa umunthu. Chofunika n'chakuti aphunzitsi azifotokoza mbiri yonse ya dzinali mosabisa, ndiponso kuti likhale la zinenero zokha, osati lotchulira mtundu wa munthu.

Komabe mtsutsowu usaphimbe nkhani yaikulu. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kuvomerezedwaku kudzafika pamphuno pamene mwana wa m'komboni ya kumigodi adzapeza buku ndi mphunzitsi wa chinenero cha kwawo. Apo ayi, akatswiri adzagwirizana za dzina oyankhula ake atatha.