Unkhoswe Wawoloka Malire

Lolemba. Ndi imvi zangazi ndayambanso sukulu. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ali ku Johannesburg monga anyamata ambiri a kuno ku Chintheche. Anakwatira mkazi wa komweko ku ofesi ya Home Affairs, ndiye pano banja lagwedezeka. Abale aloza ine kuti ndikhale nkhoswe. Ndinavomera msangamsanga poyesa kuti ndi nkhani ya pamkeka: kumva mbali zonse, zikakanika kuwamasula. Mtsikana wina wa kumpingo kwathu, yemwe akuphunzira zamalamulo, atamva anaseka mpaka misozi. "Agogo, ukwati wa kuboma sumasulidwa ndi ankhoswe. Ndi khoti lokha."

Lachiwiri. Mphwanga watumiza setifiketi pa WhatsApp, chala chake chitaphimba theka la chidindo. Ndinalimbana nayo pansi pa mtengo wa mango, magalasi ali pamphuno, ndikukulitsa chithunzi mpaka ndinachifufuta. Anachita kutumizanso. Funso langa linali loti, popeza ife sitinaliko ndipo malowolo sanaperekedwe, umenewu ndi ukwati? Yankho ndi inde. Pa kamangidwe ka ukwati, makhoti amayang'ana malamulo a dziko limene unamangidwira. Kusapezeka kwa malume sikuufafaniza. Zandiwawa pang'ono, koma ndalemba m'kope.

Lachinayi. Lero ndi za khoti. Lamulo lothetsa ukwati la ku South Africa, la 1979, limalola khoti la kumeneko kumva mlandu ngati mmodzi mwa awiriwo wakhala akukhala m'dzikomo kwa chaka chathunthu. Choncho mpongozi wathu angathe kukasuma konko, ife tili phee kuno kuyanika usipa. Kwathu kuno tili ndi lamulo la 2015 la maukwati, kutha kwa maukwati ndi maubale a m'banja, lomwe limazindikira ukwati wa kuboma, wa pachikhalidwe, wa kuchipembedzo ngakhalenso wongolowana anthu atakhalira limodzi nthawi yaitali.

Loweruka. Apa ndiye mutu unazungulira. Nkhani ndi katundu. Ku South Africa, okwatirana osalemberana pangano ukwati usanachitike amaphatikiza zonse, chuma ndi ngongole zomwe, ndipo polekana amagawana pakati. Ndinangoti basi, nyumba ya mphwanga yapita theka. Mtsikana uja anati ndifatse, kuli mawu akuti domicile. Amatanthauza dziko limene malamulo amati ndiye kwanu kwenikweni, kumene mwatsimikiza kukhazikika, osati kumene mukungogwirako ganyu. Kwa zaka zambiri makhoti a ku South Africa akhala akugawa katundu potsata malamulo a domicile ya mwamuna pa tsiku la ukwati. Ndiye taganizani: woweruza wa ku Joni angathe kutsegula malamulo a Malawi! Ndinafunsa ngati malata ndi matumba a simenti amene mphwanga amatumizira ndalama zake, ndi nyumba yafika pamawindoyo, zingasonyeze kuti mtima wake uli kuno. "Eya, umenewo ndi umboni, ngakhale si wokhawo." Ndinayenda modzikweza mpaka kumsika.

Koma kunyada kwanga kunali kwa kanthawi. Malamulo a Malawi nawonso samuthamangitsa mkazi chimanjamanja. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko lino limati ukwati ukatha, mkazi apatsidwe gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri. Mlongo wanga sanakondwe nditamuuza. Ine ndikuti n'chilungamo, poti mkaziyo naye ankagwira ntchito.

Lolemba linanso. Ndaphunzira za apostille, chikalata chotsimikizira kuti chidindo ndi siginecha za pa pepala la dziko lina n'zenizeni. Malawi ndi South Africa onse ali m'pangano la ku The Hague lovomereza chikalatachi. Chithunzi cha pafoni chija sichikwanira. Ndamuuza mphwanga atumize mapepala enieni, ndipo akangofika ndikwera minibasi ya ku Mzuzu kukafunsa ku Legal Aid Bureau.

Anzanga amene muli ndi ana ku Joni, afunseni lero kuti ukwati wawo anamangira kuti, ndipo setifiketi akusunga ndani.