Zitsulo zotsala m'beseni pa Balaka

Msewu wochokera ku Ntaja kudzera pa Nsanama mpaka pa Liwonde ndi wa mpunga ndi nsomba za ku Chilwa. Mukaoloka Shire pa Kamuzu Barrage, yomwe idamangidwa mu 1965, mwatsanzika Machinga, mwalowa Balaka. Kale lidali boma limodzi mpaka 1998, koma mapikapu a matola sadziwa malire. Dzuwa ndi lomwelo, katundu wopyola muyeso ndi yemweyo, ndiye injini zikatopa zambiri zimakathera m'magalaja a pansi pa mtengo pa Balaka.

Pa galaja ina kumeneko tidapeza pikapu yomwe amayi atatu a geni ya mpunga amadalira. Injini anali ataiphwasula n'kuimanganso, koma m'beseni la palafini munatsala tizitsulo tiwiri topyapyala, tooneka ngati theka la mwezi, tamizere mbali imodzi. Mnyamata wogwira sipanala akuti, "Aaa, izi n'zotsala basi, lizani tizipita." Eti zotsala! Injini yasanduka nsima ya pa ukwati?

Makaniko wamkulu atafika anayamba waona ngati n'takale tomwe asintha. Ayi ndithu, tinali tatsopano, tosakhulika ngakhale pang'ono. Dzina lake ndi thrust washer. Dalaivala akaponda kilatchi, crankshaft imakankhidwira kutsogolo, ndipo tizitsulo timeneti ndi tomwe timaigwira kuti isasunthe. Tikasowa, crankshaft imadya buloko, zinyenyeswa za chitsulo n'kulowa mu oilo. Galimoto imalira bwinobwino tsiku loyamba, koma pakapita masiku injini yonse yapita, pamodzi ndi mpamba wa eni ake.

Mkuluyo anapana pule ya kutsogolo ndi chitsulo chochotsera matayala, ndipo inasuntha aliyense akuona, pomwe yabwino kusuntha kwake sikuoneka ndi maso. Basi ntchito inayambiranso: kukhetsa oilo, kumasula sampu, kuchotsa kapu ya beling'i pomwe tizitsuloto timakhala, kutipaka oilo n'kutilowetsa, mbali ya mizere itayang'ana crankshaft chifukwa mizereyo ndiye njira ya oilo. Kenako mabawuti anawamanga ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati ya "ndamva m'dzanja". Amayi aja anataya tsiku limodzi la msika, koma pikapu inapulumuka.

Inu a geni, ambirife tilibe galimoto, koma tomato, usipa ndi kaunjika wathu zimayendera injini za anzathu. Ikanoka pakati pa milambe ya ku Balaka usiku, woola ndi katundu wanu, ngongole ya kubanki m'khonde n'kumakudikirani.

Tsono ngati mwasonkha ndalama ya ovaholo, musachite manyazi. Uzani makaniko ayale pa saka zitsulo zonse zomwe wachotsa, pambali pake makatoni a zatsopano, muwerenge limodzi monga muwerengera chenji. Chikatsala chosadziwika mwini wake, kiyi asatembenuzidwe. Safunsa adadya phula, abale.