Chiphaso Chimodzi, Khomo Limodzi

Tsiku lina madzulo mwana wathu wamng'ono anaona amayi ake akulongedzanso mayunifolomu m'sutikesi, ndipo anafunsa kuti, "Amayi, kodi kwanu kwenikweni nkuti?" Tinaseka, koma usiku umenewo tulo sitinatione. Ife ndife banja la Amalawi lokhala ku Texas, m'dziko la America, ndipo mayi wa m'nyumba muno ndi namwino woyendayenda. Anamwino otere amatumizidwa ku zipatala kumene antchito aperewera, kawirikawiri kwa milungu 13, ndipo nthawiyo ikatha amapita kwina.

Kuti mumvetse nkhani yathu, awerengi okondedwa, tiyambe tafotokoza za malamulo a kuno. Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bungwe lakelake loyang'anira anamwino. Mayeso a unamwino, otchedwa NCLEX, ndi amodzimodzi ponseponse, koma chiphaso cha ntchito chimaperekedwa ndi chigawo. Kale namwino wa ku Texas akafuna kukagwira ntchito ku Oklahoma, kumene kuli kungodumpha malire, ankayenera kupempha chiphaso china, kulipiranso ndalama, ndi kudikira, pamene odwala nawonso akudikira.

Pofuna kuchotsa vuto limeneli, zigawo zinapangana pangano lotchedwa Nurse Licensure Compact. Linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2000 ku Maryland, Texas, Utah ndi Wisconsin. M'chaka cha 2018 linakonzedwanso, kotero kuti aliyense wopempha chiphaso chotere amadinda zala kuti mbiri yake ifufuzidwe ngati anapalamulapo mlandu. Lero madera oposa 40 analowa m'panganoli. Chiphasochi chimafanana ndi laisensi yoyendetsera galimoto: munthu amaitenga kwawo, koma amayenda nayo m'misewu ya eni ake.

Ife taona ubwino wake ndi maso athu. Ndi pepala limodzi la ku Texas, mayi wa kuno wagwirapo ntchito ku Arizona, ku Missouri ndi ku North Carolina, popanda kupempha chiphaso chatsopano. Chipatala chikaitana, iye amanyamuka m'masiku owerengeka. Kufunika kwa zimenezi kunaoneka poyera m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unadzaza zipatala. Ngakhale New York, imene siinali m'panganoli, inalola kwa kanthawi anamwino a m'zigawo zina kudzathandiza.

Komatu ufulu umenewu uli ndi zomangira zake zitatu. Choyamba, namwino ayenera kukhala ndi kwawo kumodzi kokha, ndipo kwawoko kukhale m'chigawo cha m'panganoli. Umboni wake ndi laisensi ya galimoto, kaundula wa voti, kapena mapepala a msonkho. Akasamukira ku chigawo china cha m'pangano lomweli, ali ndi masiku 60 oti apemphe chiphaso cha kumalo atsopanowo. Chachiwiri, iye amatsata malamulo a chigawo chimene wodwalayo ali, osati a kwawo. Tsono ulendo uliwonse usanayambe, timamuona atakhala pa thebulo akuwerenga malamulo ngati mwana wa sukulu. Chachitatu, mbiri yake imayenda naye. Mabungwe a anamwino amauzana kupyolera m'kaundula wotchedwa Nursys, kotero kuti wolakwa ku Arizona sangakabisale ku Missouri. Dzina likaipa kumodzi, makomo onse amatsekeka.

Tsono chiyeso chathu chinadza motere. Chaka chatha mayiyu anapeza mwayi wa ntchito yokhazikika ku California, ya malipiro oposa onse amene analandirapo. Mitima yathu inadumpha, pakuti tili ndi ngongole ya nyumba, ndiponso abale kumudzi amene amayang'ana kwa ife pa fizi ndi feteleza. Koma California siili m'panganoli. Tikadasamukira kumeneko, iye akadayenera kutenga chiphaso cha kumeneko, ndipo chija cha ku Texas chikadasanduka cha chigawo chimodzi chokha. Tinawerengera lendi ya kumeneko, tinaganizira ana amene akadasiya sukulu ndi anzawo, ndipo tinakangana kwa masiku angapo. Potsiriza mayiyu anati, "Bambo a ana, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mwana uja anafunsa funso, ndipo sitinamuyankhe."

Pamenepo tinazindikira kuti vuto lathu silinali California ayi. Chiphaso chija chinatitsegulira makomo ochuluka, koma sichinatiuze makomo amene tiyenera kuwapitirira. Tinali titazolowera kuvomera ntchito iliyonse, mpaka mayi ankakhala pakhomo miyezi yochepa pa chaka, ndipo mwana wathu wamkazi anakula msinkhu amayi ake ali kutali, nalangizidwa pa telefoni. Tinakana ntchito ija, ndipo tinapangana kuti maulendo asapitirire awiri pa chaka. Nthawi yotsala amagwira pa chipatala cha pafupi, kumene malipiro ndi ocheperapo. Ngongole ija tidzaimaliza mochedwa, ndipo ndalama zopita kumudzi zachepa. Abale ena sanakondwe nazo, ndipo sitikuwadzudzula.

Kwa inu achinyamata amene mukulakalaka unamwino wa kunja, tikuti limbikirani sukulu, ndipo sungani dzina lanu, pakuti m'masiku ano mbiri ya munthu imafika iye asanafike. Kwa makolo anzathu tikuti, taonani nzeru ya anthu amene analemba pangano lija: analola namwino kuyenda m'zigawo zambiri, koma anayamba amufunsa kuti kwawo nkuti. Mwana wathu anafunsa funso lomwelo. Sabata yatha amayi ake anamuperekeza kusukulu, ndipo sutikesi ija ili pamwamba pa kabati, kudikira mwezi wa June.